Dada Zgambo ndi Mbale za pa Mapolo

Uthenga wa maliro a Dada Zgambo unandipeza mochedwa, atatha kale masiku anayi m'manda. Anandiimbira foni mwana wawo wamkazi, Tiwonge, amene amaphunzitsa ku Mzuzu. Anati nambala yanga anachita kuipeza m'kabuku ka bambo ake polongosola katundu. Anamwalira ndi chibayo. Ananyowa ndi mvula yowaza Lolemba, Lachinayi n'kuyamba kubanika, pofika Lamulungu zonse zinali zitatha.

"Nanga ankapita kuti mvula ikugwa?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Kumapolo kwawo komwe kuja," anatero Tiwonge. "Amama analetsa, koma adada mukuwadziwa."

Ndinkawadziwadi. Ndinawayendetsa pa galimoto ya kampani ya magetsi zaka khumi ndi zinayi, ine dalaivala wochokera ku Dowa, iwo mkulu wa gulu lokonza mawaya ku Mzimba Boma. Nthambo zonse zolowera kumwera, za ku Embangweni, za ku Edingeni, mpaka kufupi ndi malire a Kasungu, zinali m'manja mwawo. Anali munthu wamtali, woonda, woyenda atapendeketsa mutu ngati wina akuwanong'oneza. Jasi lawo lamvula linali lakuda, lazigamba m'zigongono, ndipo m'thumba simunkasowa kansanza ndi chimanga chokazinga.

Pa Boma anthu sankawatchula dzina lawo. Ankangoti Dada Mdima. Magetsi akazima tsiku la mvula, eni zigayo, ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo ankayamba afunsa kuti ali pantchito ndani. Akamva kuti ndi a Zgambo, ena ankangotseka zitseko n'kumapita kwawo. Magulu ena ankathamangira pamene fyuzi yapsa, kuikapo ina, kuikweza ndi ndodo yaitali n'kuitseka kuti moto udutse, magetsi n'kuyaka. A Zgambo ayi. Iwo ankatsika galimoto n'kuyenda pansi, polo ndi polo, mpaka nthambo yonse aione ndi maso awo. Ine ndinkawatsata pang'onopang'ono mumsewu wamatope. Ntchito ya ola limodzi inkatha tsiku lonse.

Tsiku lina mwini chigayo wina wa ku Embangweni, a Nkhata, anaima pakati pa msewu n'kutitsekereza. Kuseri kwawo kunali amayi atakhala pamatumba a chimanga, ena atadikira kuyambira m'mawa.

"Dada, muwaone amayiwa," anatero a Nkhata. "Ana awo agona ndi njala chifukwa cha inu. Fyuziyo ili apo, ndodo muli nayo. Vuto n'chiyani?"

"Ndatsala ndi mapolo makumi anayi," anayankha a Zgambo.

"Anzanu amangotseka."

"Enya, amangotseka. Phepani chomene, ine ndiyenda kaye."

A Nkhata anawatukwana mpaka kuwatchula mfiti. A Zgambo anamvetsera zonse, kenaka anakweza kolala ya jasi n'kulowa m'tchire. Sindinawaonepo akubwezera mwano wotere, komanso sindinawaonepo akufulumira chifukwa cha mwanowo.

Chimene ankayang'ana kwambiri ndi mbale. Pamwamba pa polo iliyonse pamakhala mbale zadothi lowotcha, zina zagalasi, zimene zimagwira waya kuti moto wake usatsikire mumtengo. M'mabuku a kuntchito ankalemba kuti mainsuleta, koma ife tinkangoti mbale. A Zgambo ankakonda kunena kuti mvula yamphamvu ndi bwenzi la munthu wa mawaya, chifukwa imatsuka mbale n'kuzisiya zoyera. Imene ankaiopa ndi chizimalupsa, ija yowaza yoyambirira. Miyezi yonse ya dzuwa fumbi la m'misewu ndi phulusa la lupsa zimakhala zikumatirira pa mbale. Mvula yowaza sitsuka kanthu, imangonyowetsa. Fumbi lija limasanduka matope, ndipo moto umayamba kukwawa pamatopewo kuchoka pa waya kukafika pa thabwa lopingasa limene lanyamula mbalezo. Ankati madzi paokha alibe mlandu waukulu, litsiro ndi limene limawapatsa miyendo.

Mbale ikayamba kudutsitsa moto choncho imalira. Kulira kwake kuli ngati kwa nyama imene yagwera m'mafuta otentha, koma kwapansipansi. Nthawi zambiri ankandigogoda paphewa kuti ndiime ndi kuzimitsa injini. Ankatsika, kuvula chipewa, n'kuima tsonga mvula ikuwawaza pamutu. Pobwera ankandiuza kuti iyi yangoda, mvula yeniyeni ikagwa ikhala chete, koma inayo yang'aluka ndipo ikumwa madzi. Ine zonse zinkamveka mofanana. Mbale yong'aluka ndiyo inali yoopsa, chifukwa moto wake umatentha thabwa kuchokera m'kati, pamene padutsa bawuti, osaoneka kunja, mpaka thabwalo kuthyoka waya n'kugwa pansi.

Chaka chilichonse, mwezi wa Seputembala, ankakangana ndi bwana wathu, a Kaliwo. A Zgambo ankafuna kuti magetsi azizimitsidwa nthambo imodzi tsiku limodzi, ife tikwere ndi zidebe ndi nsanza tikatsuke mbale mvula isanayambe. A Kaliwo ankati anthu akudandaula kale ndi mdima, iwo sangazimitse magetsi dzuwa likuswa mtengo kuti madoda akatsuke ziwiya. Mkanganowo unkamveka mpaka panja pomwe tinkaimika magalimoto. Kawirikawiri a Zgambo ankaluza. Ankatuluka mu ofesi, kukhala pampando wakutsogolo, n'kuyamba kutafuna chimanga chawo osandigawira. Ndikaona kuti sanandigawire ndinkadziwa kuti zakanika.

Sanali munthu wosavuta kukhala naye. Tsiku lina ndinawaimbira huta kuti afulumire, iwo anatha masiku atatu osandiyankhula, zofunika n'kumauza mnzathu wina kuti andiuze ine ndili pomwepo. Kumpingo anawasankha kawiri kuti akhale mkulu, kawiri konse anakana, ndipo ankakhala benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo. Akazi awo, a NyaTembo, ankadandaula kuti mitambo ikangoda mwamuna wawo amasiya kudya.

Amene anawadziwa mochedwa ankaganiza kuti anabadwa otero. Ine nditafika kumene ku Mzimba, a Zgambo ndiwo anali achangu kuposa onse. Ankakwera polo akuimba, ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ankadzitama kuti dera lawo siligona mumdima. Eni zigayo omwewo ankawapatsa nkhuku. Zinasintha chaka changa chachitatu, ndipo ine ndinalipo.

Chaka chimenecho, mu Seputembala, tinkayendera nthambo ina yopatukira kumidzi ya cha ku Edingeni. Pa polo ina ya m'mphepete mwa dambo, pamene njira ya ngolo imadutsa pansi pa mawaya, a Zgambo anaona mbale imene sinawasangalatse. Tinazimitsa, iwo anakwera, n'kupeza mng'alu woonda ngati tsitsi. Kosungira katundu kunalibe mbale zatsopano. Anaipukuta bwinobwino ndi kansanza kawo, analemba m'buku, n'kunena kuti ipirira mpaka zatsopano zibwere. Sizinabwere.

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu lina kumayambiriro kwa Novembala. Inayamba m'mawa, yowaza, yosaleka. Chakumasana wailesi ya m'galimoto inatiuza kuti nthambo ija yazima. Tinafika pamphambano pamene imapatukira, n'kupeza fyuzi imodzi yapsa, ikulendewera. Lamulo la kuntchito linkalola kuika fyuzi yatsopano ndi kuyesa kutseka kamodzi, chifukwa nyengo yotere moto umatha kungolumpha pa mbale yakuda, fyuzi n'kupsa, koma waya uli bwinobwino. A Zgambo anakonza fyuzi, anaikola pa ndodo yaitali ija, n'kuikweza. Kenaka anaima.

"A Chisale," anandiitana, "polo ya padambo ija."

Padambopo panali patali, ndipo msewu wake unali woterera. Wailesi inalira kachiwiri. Anali a Kaliwo, akufunsa chimene chikutichedwetsa pamene vuto lina likutidikira ku Embangweni. Ine ndinali nditanyowa, ndiponso ndinali ndisanadye kanthu kuyambira m'mawa.

"Tsekani, adada," ndinatero. "Ikakana, fyuziyo ipsanso yokha, ndiye tikayendere."

Anandiyang'ana pang'ono, anayang'ana kumwamba, n'kukankha ndodo. Fyuzi inagwira. Ndinapuma kawiri kapena katatu, kenaka inaphulika ngati mfuti. A Zgambo anatsitsa ndodo pang'onopang'ono, anaipinda, n'kuiika kumbuyo kwa galimoto.

"Tiyeni kudambo," anatero.

Tinaona anthu tisanaione polo. Thabwa lopingasa linali litapsa n'kuthyoka pakati, likufukabe utsi mumvulamo. Waya unali utagwa mopingasa njira. Panjirapo panali ngolo yodzaza matumba a feteleza, ng'ombe zake ziwiri zitagwa m'goli momwemo. Patsogolo pa ng'ombezo panagona mwini wake, Yotamu Shaba, mlimi wa fodya wa m'mudzi wapafupi, bambo wa ana anayi.

Anthu anatifotokozera kuti wayawo unagwa chakum'mawa, ndipo unalibe moto. Ambiri anaulumpha, wina anaukhudza ndi khasu osamva kanthu. Shaba atafika ndi ngolo yake anatsika, anaugwira ndi manja awiri n'kuukweza kuti ng'ombe zidutse pansi. Nthawi imeneyo ndi imene ife tinatseka fyuzi. Mkazi wake, NyaMoyo, anali pamwamba pa matumba, ndipo matayala a ngolo ndiwo anamupulumutsa. Tinamupeza akadali pomwepo, atakhala chilili, amayi anzake akumuchonderera kuti atsike. Sankalira. Ankangoyang'ana manja a mwamuna wake.

A Zgambo anayamba agwira ntchito. Anabweza anthu m'mbuyo, analumikiza waya uja ku nthaka kuti moto usabwererenso, kenaka anavula jasi lawo n'kufunditsa malemuyo. Pansi pa polo anatola chibenthu cha mbale ija. Inali itagawikana pamng'alu womwe uja.

Lipoti la ku ofesi linati ngoziyo inadza ndi mvula, kuti malemu anagwira waya ndi manja, ndiponso kuti gulu lathu linatsata lamulo. Zonsezo zinali zoona. A Kaliwo anatiuza kuti aliyense wa ife asapite kumaliro, kampani itumiza anthu ake. A Zgambo anakana kusaina lipotilo, ndipo Lamulungu m'mawa anagogoda pakhomo panga kuti ndiwaperekeze. Ndinapita, koma ndinavala zovala za kutchalitchi kuti ndisadziwike. Iwo anavala ovololo ya kuntchito.

Pa siwa anapempha akuluakulu a mudzi kuti anenepo mawu. Anayankhula m'Chitumbuka, mosakweza mawu, koma ndinamva zonse. Anakweza dzanja lamanja n'kunena kuti dzanja limene linabweza moto pa waya uja ndi limenelo. Anati mbale ija anaiona okha kuti yang'aluka miyezi iwiri yapitayo, ndipo pamene ankakweza ndodo mtima unawauza za polo imeneyo, iwo n'kutseka ndithu. Anyamata ena anadzambatuka, madoda n'kuwakhazika pansi. Kenaka m'nyumba munatuluka mayi wina wachikulire n'kugwada pafupi ndi akuluakulu aja.

"NyaMoyo wamva," anatero mayiyo. "Akuti munthuyo azipita."

Tinanyamuka maliro asanatuluke.

Patapita sabata ziwiri a Zgambo anatapa ng'ombe ziwiri zapagoli m'khola la kwawo n'kuzipereka kubanja la a Shaba. Abale a malemu anazilandira. NyaMoyo anakana kuti ng'ombezo ziponde m'munda mwake, ndipo chaka chimenecho analima ndi khasu, iye ndi ana ake. Zaka zingapo pambuyo pake tinakumana naye pamsika wa ku Embangweni akugulitsa tomato. A Zgambo anavula chipewa n'kumupatsa moni. Iye anawayang'ana nthawi yaitali.

"Munapepesa, ndinamva," anatero. "Tsono mukufuna ndikupatseni vichi?"

A Zgambo anavala chipewa, tinabwerera kugalimoto. Pambuyo pake tinamva kuti NyaMoyo anabwerera kwa abale ake kutsidya la malire, ku Zambia. Ngati anawakhululukira, uthenga wake sunafike.

Pa siwa paja a Zgambo sanatchule dzina langa, ngakhale la a Kaliwo. Mawu amene ndinanena pamphambano aja sanandikumbutsepo, ngakhale masiku amene tinkayambana. Ndinayesa kamodzi kuiyamba nkhaniyo, patatha zaka zambiri, tili pansi pa mtengo kudikira kuti mvula ichepe.

"Adada, tsiku lija ndine ndinati mutseke."

"Ndodo inali m'manja mwa njani?" anandifunsa.

"Mwa inu, koma..."

"Dalaivala ntchito yake ndi chiwongolero. Mbwenu."

Anthu angaganize kuti mawuwo anandipepuza. Sanandipepuze. Mlanduwo anautenga wonse n'kuukumbatira ngati katundu wawo, osalola wina kugwirako, ndipo ine ndinatsala ndi gawo langa lopanda kolitula. Nthawi zina ndimaganiza kuti kumeneko kunalinso kuuma mtima kwa mtundu wina. Ndimawakwiyira pang'ono mpaka lero, kenaka ndimachita manyazi.

Kuyambira chaka chimenecho sanatsekenso fyuzi asanayende nthambo yonse. Makalata owachenjeza za kuchedwa anabwera angapo, ndipo anzawo amene anayamba nawo limodzi anakwezedwa iwo ali pomwepo. Ndinene zoona, maulendo ambiri sankapeza kanthu. Inkangokhala mbale yakuda imene yalumphitsa moto, anthu n'kukhala mumdima tsiku lonse popanda chifukwa, nyama n'kuwonongeka m'mafiriji. Kangapo kokha anapezadi waya uli pansi, kamodzi panjira yopita kuchitsime. Za kuchitsimezo palibe amene anazimva pa Boma, chifukwa palibe amene anafa.

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwawo, kufupi ndi Edingeni, koma mawaya sanawasiye. Mvula yowaza ikayamba ankavala majombo n'kuyenda pansi pa nthambo yodutsa kuseri kwa mudziwo, akulemba manambala a mapolo amene akulira. Kenaka ankakwera minibasi mpaka ku Boma kukapereka pepalalo. Anyamata atsopano a ku ofesi ankalilandira ndi manja awiri, kunena kuti yewo adada, n'kuliika m'dirowa. Nthawi imeneyo kunali kutabwera mbale zamakono zangati labala, zimene madzi amangogubuduka ngati pa tsamba la koko. A Zgambo sankazikhulupirira, komabe anavomera kuti sizilira kwambiri.

Chimene sanavomere n'chakuti makutu awo ankatha. Ndinawachezera komaliza chaka chatha mu Ogasiti, ine nditapumanso ntchito n'kukhazikika ku Kasungu. Kunali kouma, kopanda ndi kamtambo komwe. Kuti amve ndinkachita kufuula pafupi ndi khutu. Atandilandira ananditengera pa polo ina ya kuseri kwa nyumba, anavula chipewa, n'kupendeketsa mutu.

"Mukuyimva?" anandifunsa. "Yayamba dzana. Yang'aluka iyi."

Ndinamvetsera. Kunali zii, kupatula nkhunda patali. A NyaTembo anali atandiuza kale kukhitchini kuti kulirako tsopano kuli m'makutu mwawo momwe, usana ndi usiku, ndipo mapolo ambiri amene ankalemba analibe vuto lililonse.

"Ndikuyimva, adada," ndinatero.

Anagwedeza mutu mokhutira n'kulemba nambala.

Ndinapita kukapepesa maliro Loweruka lapitali. Ndinatsika minibasi pa Edingeni n'kukwera kabaza mpaka pakhomo. A NyaTembo ndinawapeza pamphasa m'chipinda chochezera, atazunguliridwa ndi makatoni. Tiwonge akuwatenga kukakhala nawo ku Mzuzu, chifukwa miyendo yawo yatupa ndipo pamudzipo palibe wowatungira madzi. Ng'ombe zotsala anagawana kale ana a achimwene awo a malemu. Nyumbayo, ya njerwa zowotcha ndi malata, ilibe magetsi. A NyaTembo anati anapempha zaka zonsezi, mawaya akudutsa pamphuno pawo, koma mwini wake ankangoti chaka chamawa.

"Ndikaonera kwa mwana," anatero, n'kuseka pang'ono, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ananditengera kumanda mdzukulu wa mlongo wawo, mayi wa ana awiri amene amakhala nyumba yoyandikana nayo. Dothi linali litatitimira kale ndi mvula, nkhata zamaluwa apulasitiki zitagwera mbali imodzi. Pobwerera mayiyo anapita kukaona mphika, ine n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ndekha.

Kuseri kwa khola lopanda ng'ombe kuli kanjira kakang'ono kolowa m'tchire. Sikapita kuchitsime, kumunda kapena kwa mnansi aliyense. Kamachoka pa polo ina kukafika pa inzake, kuzungulira tsinde lake, n'kupitirira, mpaka kutsikira kutali kumene maso safika. Pa polo iliyonse pali kabwalo kakang'ono kopanda udzu, pamene munthu mmodzi ankaima. Ndinakatsata mapolo asanu ndi limodzi. Mvula ya chaka chino yagwa bwino, ndipo chisoso ndi tsekera zayamba kale kutsekera mbali zonse ziwiri. Pa polo yachisanu ndi chiwiri kanjirako sindinakaonenso, ndipo ndinabwerera.